Njanji idadutsa m'minda mwathu, koma lamulo likudziwa eni masheya okha

Alimi anzathu, aliyense amene adaimapo ndi njinga pa Nkaya kudikira kuti sitima ya malasha idutse akudziwa kutalika kwa kudikirako. Mabogi amapitirira 100, ndipo ana asukulu amawawerenga mokweza mpaka kusokonezeka. Inu muli chiimire ndi thumba la nandolo pakaliyala, mukulingalira za mtengo umene venda akakuuzeni, pomwe chuma chankhaninkhani chikudutsa pamphuno panu kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala. M'kalata ino tikufuna tifunse funso limodzi mosapsatira mawu: kampani imene ikuyendetsa chuma chotere m'dera mwathu, lamulo limati iziyankha kwa yani?

Imayankha kwa eni masheya, anthu amene adaika ndalama zawo m'kampanimo. Ambiri mwa iwo sadapondepo pa Nkaya, ndipo sadziwa kuti Utale ali mbali iti ya njanji. Ife amene tidapereka minda, amene ng'ombe ndi mbuzi zathu zimawoloka njanjiyo m'mawa ndi madzulo, m'buku la lamulo la makampani timangotchulidwa modutsa, ngati mlendo amene wapezeka pamaliro a eni.

Tiyeni tiwerenge manja amene njanjiyi yadutsamo, chifukwa ambiri mwa ife timangoona mtundu wa penti pa injini ukusintha osadziwa chachitika. Njanji ya kum'mawa, yochoka pa Nkaya kudzera pa Liwonde kukafika ku Nayuchi, idatsegulidwa mu 1970 ili m'manja mwa Malawi Railways, kampani ya boma. Mu 1999, nyengo ija boma linkagulitsa ndi kubwereketsa makampani ake, njanji za dziko lino zidaperekedwa kwa Central East African Railways, imene timangoti CEAR, kuti iziyendetsa kwa zaka 20. Mwa eni ake mudali kampani ya njanji ya boma la Mozambique komanso Railroad Development Corporation ya ku Pittsburgh ku America. Aku America aja adagulitsa gawo lawo mu 2008 kwa Insitec ya ku Mozambique. Mu 2010 kudalowa Vale, chimphona cha migodi cha ku Brazil, imene inkafuna njira yachidule yotulutsira malasha ake a ku Tete.

Mu Disembala 2011 boma lathu lidasainirana ndi Vale mgwirizano wa zaka 30 womanga ndi kuyendetsa njanji yatsopano ya makilomita oposa 130, kuchoka kumalire ku Chikwawa, kudzera Mwanza ndi Neno, kudzalumikiza pa Nkaya. Ntchito idayamba kumapeto kwa 2012, womanga ali Mota-Engil ya ku Portugal. Mu 2017 Mitsui ya ku Japan idagula gawo mumgodi ndi munjanji. Mu 2021 Vale idalitenganso gawo la Mitsui lija pamtengo wongokwaniritsa mwambo, dola imodzi pamgodi ndi dola imodzi panjanji, n'kusenza yokha ngongole za ntchitoyo. Chaka chisadathe, mu Disembala 2021, Vale idalengeza kuti ikugulitsa zonse, mgodi ndi njanji yomwe, kwa Vulcan ya gulu la Jindal la ku India pamtengo wa madola 270 miliyoni. Malondawo adatsirizika mu Epulo 2022.

America, Mozambique, Brazil, Japan, India: m'zaka 23 zokha. Munda wa m'banja ukamasintha mwini, amalume amaitanidwa, nyakwawa imadziwitsidwa, oyandikana nawo malire amabwera kudzaona pamene padutsa mzere. Njanji imene idadula minda ya anthu m'maboma anayi yasintha eni kangapo konse popanda lamulo la makampani kufuna kuti ngakhale msonkhano umodzi uchitike pansi pa mtengo kwa Nkaya. Pasakhale wonamiza mnzake kuti apa wina adaphwanya lamulo. Lamulolo lidalembedwa motero, ndipo n'chifukwa chake mkangano wathu uli ndi lamulolo.

Kampani ndi munthu, koma munthu wotani?

Ife amene tidagwirapo ntchito ya ulangizi tidaphunzira za nthaka, za mbozi ndi za kawerengedwe ka phindu pa ekala. Za lamulo la makampani tidaziphunzira mochedwa, titapsa kale, ndipo tikufuna inu muzidziwe musadapse.

Pamaso pa lamulo, kampani yolembetsedwa ndi munthu payokha. Ikhoza kugula, kugulitsa, kukongola, kusumira ndi kusumiridwa m'dzina lake. Eni ake ndi anthu ena, iyo ndi munthu wina. Mfundo imeneyi idakhazikika ku England mu 1896 pamlandu wa Aron Salomon, wosoka nsapato wa ku London amene kampani yake idagwa ili ndi ngongole. Okongoza ake adafuna kuti iye mwini alipire, koma khoti lalikulu lidagamula kuti ngongole ndi ya kampani, iye alibe mlandu. Malamulo athu tidatengera ku England, ndipo mfundoyi tidaitenga yonse. Mawu aja oti "Limited" amene mumawaona pamapeto pa dzina la kampani akutanthauza zimenezi: zinthu zikavuta, mwini sheya amataya ndalama zokhazo zimene adaikamo. Nyumba yake, galimoto yake ndi makampani ake ena sizikhudzidwa.

Tsono fananizani ndi ngongole ya pakalabu. Ife tomwe tinkayenda panjinga m'midzi kuphunzitsa kuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse ilipira. Tidaona ndi maso athu mbuzi zikukokedwa, malata akuzulidwa padenga, njinga ikutengedwa kwa munthu amene gawo lake adabweza kalekale, chifukwa cha mnzake amene mbewu zake zidapsa ndi dzuwa. Mlimi wa maekala awiri amayankha ndi zonse zimene ali nazo, kuphatikizapo ngongole ya mnzake. Mwini masheya wa ku Tokyo kapena ku São Paulo lamulo lidamumangira mpanda. Mpanda umenewu sudamere wokha ngati chitsamba. Adaumanga ndi aphungu m'nyumba za malamulo pofuna kulimbikitsa anthu kuika ndalama m'mabizinesi akuluakulu, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Koma chimene dziko lapereka ngati mwayi, dziko lili ndi ufulu wochiikira malire ndi kufunsa chobwezera.

Kampani ilibe manja, choncho imayendetsedwa ndi bodi, madailekitala. Lamulo lathu la makampani la 2013, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2016 m'malo mwa la 1984, lidatsata njira ya gawo 172 la lamulo la ku Britain la 2006. Limati dailekitala azichita zimene akukhulupirira kuti zipititsa kampani patsogolo kuti apindule eni ake onse, ndipo pochita zimenezo aziganizira zotsatira za m'tsogolo, antchito, ogula ndi ogulitsa kwa kampaniyo, anthu oyandikana nayo ndi chilengedwe. Powerenga koyamba munthu umasangalala, umati tatchulidwa. Werenganinso pang'onopang'ono. Cholinga ndi phindu la eni masheya. Ife tili m'gulu la zinthu zoganiziridwa panjira yopita kucholingacho. Bodi ikhoza kutiganizira kwa mphindi zisanu, mlembi n'kulemba kuti nkhani ya anthu a m'midzi yakambidwa, kenako n'kuchita zimene imafuna kale, ndipo lamulo lakwaniritsidwa. Choposa apo, udindo umenewu dailekitala ali nawo kwa kampani. Akaunyozera, amene angamutengere kukhoti pamfundo imeneyi ndi kampaniyo kapena eni masheya ake. Mlimi amene dimba lake lauma chifukwa madzi adapatutsidwa alibe khomo lolowera kudzera m'lamulo limeneli. Dzina lake lilimo, mphamvu alibemo.

Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, Milton Friedman, adalemba kuti udindo wa bizinesi kwa anthu ndi kuchulukitsa phindu lake basi, malinga ikutsata malamulo. Ambiri lero amamutsutsa pakamwa. Mu 2019 akuluakulu 181 a makampani a ku America adasaina chikalata chonena kuti kampani iyenera kutumikira onse okhudzidwa nayo. Ifenso kuno tili ndi ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani ya 2010 imene imatchula ngakhale umunthu. Zonsezi n'zikalata zaufulu: wofuna atsata, wosafuna afotokoza chifukwa, nkhani yatha. Ife timakonda Friedman pachinthu chimodzi, kuti sadabise. Adanena poyera zimene mabodi ambiri amachita mwakachetechete. Ndipo ngati kampani imangotsata phindu m'kati mwa malamulo, ndiye kuti malamulowo ndiwo tiyenera kulimbana nawo.

Kusamala chilengedwe kwa m'mabuku

Onani mmene Vale idachokera. Idalengeza kuti ikusiya malasha pofuna kuchepetsa mpweya woipa umene ukusokoneza nyengo. Nkhani ya nyengo sitiimvera pawailesi ife a ku Balaka ndi Machinga. Tidaona chimanga chikupserera m'munda mu 2016 ndi mu 2024, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy adakokolola zimene zidatsala. Ndiye munthu akanena kuti akusiya malasha, timatchera khutu. Koma malasha a ku Moatize sadasiye kukumbidwa. Sitima zake sizidasiye kudutsa pa Nkaya. Chimene chidasintha ndi buku limene utsiwo ukulembedwamo: udachoka m'buku la Vale, n'kulowa m'buku la wina. Eni masheya a Vale adachotsedwa mtolo wa mgodi umene unkaluzitsa kampani kwa zaka zingapo, dzina lawo n'kuyera pamaso pa mabanki. Kwa iwo kudali kusamala tsogolo ndithu, tsogolo la thumba lawo. Nthaka ndi mvula sizidaone kusiyana kulikonse.

Kwawo komwe ku Brazil, damu la zinyalala za mumgodi wa Samarco, kampani ya Vale ndi BHP, lidaphulika ku Mariana mu Novembala 2015 n'kupha anthu 19. Pa 25 Januwale 2019 damu lina la Vale lidaphulika ku Brumadinho n'kupha anthu 270. Msika wa masheya utatsegulidwa, mtengo wa masheya a kampaniyo udagwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi tsiku limodzi, ndipo pasadapite nthawi mkulu wa kampaniyo adachoka pampando. Pamenepo ndiye bodi idamva msanga, chifukwa ululu udafika kwa amene lamulo limawadziwa.

Pafupi nafe, abale athu a ku Tete ali ndi nkhani yawo. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize utsegulidwe, ambiri kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka kutauni. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme adatseka njanji podandaula za minda yosabereka ndi nyumba zong'aluka, ndipo mu 2013 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lofotokoza mavuto a nthaka, madzi ndi chakudya kumeneko. Sitikutchula izi kuti wina akaunjike miyala panjanji. Woika mwala panjanji kapena wozula zitsulo zake ndi mdani wa mlimi, chifukwa sitima ikagwa imagwera pa ana athu omwe, ndipo amapatsa makampani chifukwa chotinenera kuti ndife akuba osayenera kukambirana nawo. Tikutchula Cateme kuti muone kumene anthu amafika lamulo likawatsekera makomo onse.

Ena ati ndife osayamika

Tikudziwa zimene atiyankhe, ndipo zina mwa izo n'zoona. Njanji ya ku Nayuchi idali itatheratu, ndipo idakonzedwa. Anyamata athu ambiri adapeza ganyu pomanga, ena adakhoma malata ndi ndalama zake. Feteleza ndi mafuta zikabwera pasitima mtengo wonyamulira umatsika kusiyana ndi pamathiraki. Chipukutamisozi chidaperekedwa kwa amene minda yawo idadutsidwa. Boma limalandira ndalama za mgwirizano, zimene panthawi yosainira zidalengezedwa kuti zidzakhala pafupifupi madola 8 miliyoni pachaka. Sitikufuna njanji ichoke. Tikufuna ikhale, ndipo itinyamulire nandolo, thonje ndi chitowe chathu. Njirayi idakonzedwa kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka ndi matani 4 miliyoni a katundu wina. Funso lathu n'lakuti pa matani 4 miliyoni amenewo, malo a kopaletivi ya alimi a ku Utale kapena ku Nsanama ali pati, ndipo adalembedwa papepala liti limene tingaligwire m'manja.

Atiuzanso kuti mukaumitsa malamulo, obwera ndi ndalama athawa. Mawu amenewa tawamva kuyambira nthawi yogulitsa makampani a boma. Tiyankhe ndi mapu. Vale sidadutse ku Malawi chifukwa chotikonda kapena chifukwa malamulo athu ndi ofewa. Idadutsa chifukwa pakati pa Moatize ndi doko lakuya la Nacala pali dziko lathu. Malo amenewa ndiwo chuma chathu pamalonda awa, ndipo sangawanyamule kupita nawo kwina. Komanso maiko amene ndalamazo zimachokera ali ndi malamulo olimba kuposa athu. Ku India, kwawo kwa Jindal, kuyambira 2014 makampani akuluakulu amalamulidwa kugwiritsa ntchito 2 peresenti ya phindu lawo pa ntchito zothandiza anthu. Ku South Africa lamulo la 2008 limalamula makampani akuluakulu kukhala ndi komiti yoona za khalidwe ndi umoyo wa anthu owazungulira. Ku France kuyambira 2017 kampani yaikulu iyenera kulondoloza zimene nthambi zake ndi oigulitsa katundu akuchita, ngakhale kunja kwa dziko. Palibe limodzi mwa maikowa limene lidasowa amalonda chifukwa cha zimenezi.

Ndipo pali yankho lija lakale, loti mwini sheya ndiye woyamba kudya chifukwa ndiye adaika chuma chake pachiswe. Nanga munda si chuma? Mwini sheya akaona kuti zinthu sizikuyenda amagulitsa m'mawa umodzi pakompyuta n'kukagula kwina. Tidaona mu 2021 kampani yonse ya Mitsui ikutuluka pa madola awiri. Mlimi amene adapereka ekala yake sangaigulitsenso, sangasamutse manda a makolo ake, sangasamutse mudzi. Ndalama ya chipukutamisozi imatha m'nyengo imodzi kapena ziwiri. Munda ukadadyetsa iye, ana ake ndi zidzukulu. Mwa awiriwa, amene adaika zambiri pachiswe ndi uja amene sangathawe.

Tsono tinene za mijigo ndi midadada ya sukulu, zija zimaperekedwa ndi nyimbo, zovala zolembedwa dzina la kampani ndi atolankhani. Madzi ndi madzi, ndipo mayi amene wafupikiridwa mtunda wokatunga ali ndi chifukwa chovinira. Koma mphatso ili ndi khalidwe lake: wopereka ndiye amasankha chopereka, nthawi yake ndi mudzi wake, ndipo akasiya palibe amene angamufunse. Mjigo ukathyoka, kapena kampani ikagulitsidwa, mwini watsopano akhoza kunena kuti lonjezo limenelo sakulidziwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tikavomera kuti zimene zili zathu zizibwera ngati chifundo, tavomeranso kuti tsiku lina zisadzabwere.

Nkhaniyi si ya njanji yokha

Tidakali pantchito ya ulangizi, kampani ina yogula thonje, imene dzina lake tilisunga, idagawa mbewu ndi mankhwala pangongole kudzera m'makalabu amene ife tomwe tidathandiza kukhazikitsa. Pamsonkhano wa kumayambiriro kwa nyengo adalankhula bwino za ubale wa kampani ndi mlimi. Pofika nthawi yokolola mtengo wa thonje kunja udali utatsika. Misika ina imene adalonjeza sidatsegulidwe, alimi adayenda mitunda ndi mabelo pangolo, ndipo ngongole idadulidwa yonse pamtengo wotsikawo osachotserapo ngakhale tambala. Bambo amene adatumidwa kudzatifotokozera adali munthu waulemu, wa kwathu konkuno, ndipo adatiuza moona kuti iye alibe mphamvu, zonse zidagamulidwa ndi bodi imene iyeyo sadaionepo. Tidachita manyazi kubwerera m'midzi imene tidakopa anthu kuti alime. Tsiku limenelo tidazindikira kuti tinkaphunzitsa alimi kusunga mbali yawo ya mgwirizano umene mbali inayo idali ndi ufulu wosintha maganizo. China mwa zimene zidatichotsa pantchito ija n'kubwera kuno kubungwe ndi chimenechi.

Ngakhale ADMARC, imene timaitcha yathu, idasandutsidwa kampani ya limitedi mu 2004. Mwini masheya ake ndi boma, kutanthauza ife tonse. Mu 2022 idatsekedwa kuti ikonzedwenso ndipo antchito ake adachotsedwa. Mlimi amene adadalira sikelo yake kwa zaka makumi adamva nkhaniyo pawailesi monga wina aliyense.

Amene apeza chilungamo pa makampani akuluakulu akhala akukachipeza kutali. Anthu 1,826 a m'midzi yozungulira Chingola ku Zambia adasumira Vedanta ku London chifukwa cha madzi oipitsidwa ndi mgodi wa nthambi yake, Konkola Copper Mines. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu la ku Britain lidagamula kuti mlanduwo ukhoza kumvedwa kumeneko, ponena kuti kampani yaikulu ikhoza kukhala ndi udindo pa zochita za nthambi yake, ndipo mu 2021 nkhaniyo idatha mokambirana, kampani osavomera kulakwa. Chaka chomwecho amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Eastern Produce kuno ku Malawi adamaliza mlandu wawo ndi kampani yaikulu ya Camellia mwanjira yomweyo. Mu 2020 alimi a fodya a m'matenanti zikwizikwi ndi ana awo adasumira British American Tobacco ndi Imperial ku London, ndipo mu 2021 khoti lidakana pempho la makampaniwo loti mlanduwo utayidwe. Milandu imeneyi yang'amba pang'ono mpanda wa Salomon uja. Koma n'zochititsa manyazi kuti Mmalawi azidalira loya wa ku London ndi woweruza wa ku London pa cholakwa chimene chidachitikira ku Mulanje kapena ku Kasungu. Ndipo khomo la ku London limatsegukira makampani okhawo amene likulu lawo lili ku Britain.

Chonsecho malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 15, amanena kuti maufulu a anthu ayenera kulemekezedwa ndi boma komanso, pamene zikuwakhudza, ndi anthu onse kuphatikizapo makampani. Gawo 30 limatipatsa ufulu wa chitukuko. Lamulo la makampani ndi mwana wa malamulo aakuluwo, ndipo mwana sayenera kukana mawu a kholo lake.

Nthawi yoti tichitepo kanthu ndi ino chifukwa alendo ena afika kale m'boma lathu. Paphiri la Kangankunde, kuno ku Balaka komweku, pali miyala yosowa imene dziko lonse likuilimbirana popanga maginito a galimoto zamagetsi. Mu 2022 kampani ya Lindian Resources, imene masheya ake amagulitsidwa pamsika wa ku Australia, idagwirizana zogula kampani imene idali ndi chilolezo cha paphiripo pamtengo wa madola 30 miliyoni. Onaninso kagulidwe kake: chogulidwa ndi kampani, ndipo phiri limangotsatira pambuyo. Sitikuiimba mlandu uliwonse Lindian. Tikungonena kuti bodi yake, monga bodi ina iliyonse, idzayankha kwa eni masheya ake, ndipo nayonso tsiku lina ikhoza kugulitsidwa. Zimene ilonjeza lero ziyenera kulembedwa mwanjira yoti zidzamange ndi wogula wa mawa yemwe.

Njira yake ilipo kale m'malamulo athu, kungoti ndi yopapatiza. Lamulo la migodi la 2019 lidabweretsa mgwirizano wa chitukuko pakati pa kampani ya mgodi waukulu ndi midzi yoizungulira, wolembedwa ndi womanga mbali zonse, ndipo lidaika kuti kampani izipatula 0.45 peresenti ya ndalama zonse zimene yagulitsa pachaka. Ndi kachigawo kochepa, koma kadali lamulo, osati chifundo. Tikufuna aphungu athu a ku Balaka ndi Machinga akanene ku Nyumba ya Malamulo kuti mfundo imeneyi ifutukulidwe: ifike pa migodi yapakatikati, pa njanji, pa maesiteti, ndi pa kampani iliyonse yaikulu imene yatenga malo a makolo kapena imalimitsa alimi pamgwirizano. Mgwirizano wotere uziyenda ndi chilolezo, kuti wogula kampani azigula ndi malonjezo ake omwe, ndipo boma lisamavomereze kusintha kwa eni lisadamve kuchokera kwa anthu okhudzidwa.

Lamulo la makampani nalo lisinthidwe pamalo paja tatchula. Mawu oti bodi iziganizira anthu ndi chilengedwe akhale ndi mano: kampani yaikulu izitulutsa chaka ndi chaka, m'chilankhulo chimene anthu amamva, zimene yachita pa malo, madzi, fumbi ndi ngozi, ndipo bungwe lolembetsedwa la anthu okhudzidwa lizitha kupita kukhoti la kuno kwathu ngati bodi yanyozera udindowo. Zimenezi sizilanda mwini sheya phindu lake. Zikungomuuza kuti phindu liwerengedwe atalipira kaye zonse zimene bizinesi yake yadya, kuphatikizapo zimene mpaka pano zimalipiridwa ndi mlimi mwakachetechete.

Pali china chimene sitiyenera kudikira aphungu. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Bungwe lathu likhoza kulemba kalata ku unduna wa zamtengatenga kupempha mgwirizano wa 2011 uja, kusintha kulikonse kumene kudachitika pambuyo pake, ndi ndalama zimene boma lalandira chaka chilichonse. Tikufuna tione ngati khobidi lina mwa ndalamazo limabwerera kumakhonsolo a maboma amene njanji idadutsa. Akakana kutipatsa, lamulo lomwelo limatilozera ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ndipo pa makampani amene ali pamsika wa masheya wa ku Blantyre, kopaletivi ikhoza kugula masheya ochepa n'kukhala ndi ufulu wolowa mumsonkhano waukulu wa pachaka ndi kufunsa bodi maso ndi maso. Voti yathu kumeneko idzakhala yaing'ono, chifukwa m'kampani mavoti amawerengedwa pa masheya, kusiyana ndi m'kopaletivi mmene membala aliyense ali ndi voti imodzi. Koma funso lofunsidwa m'chipinda chimenecho limalembedwa, ndipo atolankhani amakhalapo.

Tisamalize tisadadziloze chala. Makampani ambiri safunika kuphwanya lamulo kuti atigonjetse, chifukwa timadzigulitsa tokha motchipa. Tawaona mamembala a makomiti akusaina mapepala a Chingerezi amene sadawawerenge chifukwa pakhomo panali alawansi ndi botolo la Fanta. Tawaona ena mwa atsogoleri athu a m'midzi, tikunena mwaulemu wonse kwa mafumu athu, akulandira m'dzina la mudzi zimene mudziwo sudazione. Tawaona abale akulembetsa mitengo ya mango imene kudalibe pofuna kuchulukitsa chipukutamisozi, n'kupangitsa kuti wodandaula moona asakhulupiriridwe. M'makopaletivi mwathu momwe muli matcheyamani amene atha zaka osaitanitsa msonkhano waukulu kapena kuonetsa mabuku a ndalama. Tidzaima bwanji pamaso pa bodi ya kampani kufuna poyera zimene ife timabisirana?

Choncho kalabu iliyonse ya m'mbali mwa njanji, kuyambira kumalire a Neno kudzera pa Nkaya ndi Liwonde mpaka ku Nayuchi, ndi iliyonse yozungulira Kangankunde, igule kope limodzi. M'kopemo mulembe amene adapereka malo, kukula kwa malowo, chaka chake, ndalama zimene adalandira ndi pepala limene adasaina. Mulembe lonjezo lililonse limene lidanenedwa pamsonkhano, amene adalinena, udindo wake, tsiku lake ndi mboni zimene zidalipo, komanso ngati lidakwaniritsidwa; zokwaniritsidwa muzilembe ndithu, chifukwa kope lonama silidzatithandiza. Mulembe ziweto zimene zagundidwa, malo owolokera amene akusowa, ndi mitsinje kapena madimba amene asintha. Alembi a makalabu abweretse makopewo kumsonkhano wotsatira wa nthambi, pamodzi ndi mafotokope a mapepala onse, ndipo mapepala enieniwo atsale m'manja mwa eni ake.